Kachere Wochokera ku Kandi

Makolo a mbumba yathu ya kwa Kamtsekwe, mudzi umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Diampwe, anachokera kutali kumpoto pamodzi ndi khamu lija la Amaravi limene linasiya mapazi pa thanthwe la Kaphirintiwa. Maina a amene anayamba ulendowo anatayika m'njira, ndipo mayi woyamba amene akuluakulu amamutchula mosajejema ndi Mkomaula. Mayi ameneyu anali ndi mlongo mmodzi yekha, Chilindamadzi, amene anadwala chifuwa namwalira kutsidya kwa mtsinje wa Bua ulendo usanathe. Anthu anamuika pomwepo nakonzeka kupitirira, koma Mkomaula anakana kunyamuka, nati sangasiye mlongo wake m'thengo pakati pa mizimu yosamudziwa. Tsono anathyola nthambi ya kachere amene anali pafupi ndi manda aja, naikhudzitsa pa mtumbira, naitana malemuyo dzina katatu, nainyamula. Pa mtsinje uliwonse ankaiuza nthambiyo dzina la madziwo asanawoloke, pakuti mzimu suwoloka madzi amene sunauzidwe. Atafika pa Diampwe anaizika pansi, ndipo inaphuka.

Kuyambira nthawi imeneyo mwambo wa mbumba yathu unakhala wotero: wathu akafera kutali, mbale wake amabwera naye m'nthambi ya kachere. Nthambi ikaphuka, ndiye kuti malemuyo wafika ndipo wavomera kukhala. Ikauma, ndiye kuti wonyamulayo anamutaya m'njira, ndipo munthu wotereyo salankhulanso pa nkhani za mbumba mpaka imfa yake. N'chifukwa chake mudzi wathu uli ndi akachere ambiri kuposa midzi yoyandikana nayo. Alipo a ku Halale, alipo a ku migodi ya ku Joni, ndipo aliyense amadziwika ndi dzina la mwini wake. Koma ulipo mtengo umodzi umene alendo amaima n'kuuyang'ana kawiri, ndipo mbiri yake ndi imene ndalemba pano.

Mkomaula anabala Chapadenga, Chapadenga anabala Msatida, ndipo mdzukulu wa Msatida, dzina lake Ulanda, anabala ana awiri amene anakula: mwamuna Kaliyeka ndi mkazi Mwatitha, onse a mfunda wa Mbewe. Mwatitha anabala ana aakazi atatu ndi mwamuna mmodzi, Dambuleni. Nkhani yonseyi ndinaimva kwa a Gelesomu, mwana wa Kaliyeka, amene anaimva kwa bambo awo kambirimbiri mpaka kutopa nayo, ndipo pamene iwo ankaonjezera mchere ndinakafunsanso kwa ena.

Dambuleni anali munthu wosadziwa kukhala phee. Akakhala pansi mwendo unkagwedera wokha, zala zili kuimba ng'oma pa bondo, pa mbale, kapena pa msana wa mnzake amene wayandikana naye. Pa maliro ankamukhazika kumbuyo kuti asachititse manyazi, ndipo mayi ake ankati anayamba khalidwe limeneli ali m'mimba. Koma ng'oma yeniyeni ikafika m'manja mwake, mudzi wonse unkamukhululukira.

Itabuka nkhondo yachiwiri ya Azungu, Kaliyeka, amene anali atagwirapo kale usilikali wa Keyala, anaitanidwanso, ndipo ndi iye amene ananyengerera muphwa wake kuti apitire limodzi akaone dziko. Mwatitha anakana, analira, koma mwana anali atamva kale kukoma kwa nsapato za jombo ndi lipenga. Tsiku lonyamuka mayiyo anatsekereza mlongo wake pa njira yotulukira m'mudzi.

"A Mbewe, mwana uyu mwamutenga ndinu, si boma ayi," anatero Mwatitha. "Mubwere naye. Kaya akuyenda yekha, kaya ali m'nthambi, koma mubwere naye. Mukadzabwera manja ali lende, pakhomo panga musadzaponde."

Anapita ku Zomba, kuchokera kumeneko pa malole mpaka ku Kenya, ndipo pa doko la Mombasa anakwera sitima ya pamadzi imene inakawatsitsa pa chisumbu cha Siloni, chimene lero chimatchedwa Sri Lanka. Patapita miyezi, gulu lawo linatumizidwa kukalondera katundu pafupi ndi mzinda wa Kandi, umene uli pakati pa mapiri obiriwira, mtsinje waukulu wa Mahaweli utauzungulira mbali zitatu. Kaliyeka ankati pa malo onse amene anapondapo, mzinda umenewu wokha ndi umene ukanamuiwalitsa kwawo, chifukwa kunali kozizira bwino ngati ku Dedza, koma nthochi, mapapaya ndi kokonati zili mbwee chaka chonse.

Tsiku lina lopuma, mtsibweni ndi muphwa wake anatsikira mu mzindamo kukaona zimene anzawo ankasimba. Anayamba ndi nyanja yaing'ono imene ili pakati pa mzinda, imene anauzidwa kuti inakumbidwa ndi manja a anthu pa lamulo la mfumu yawo yakale. M'madzimo munali nsomba zonenepa zobwera mpaka m'mphepete, ndi akamba a m'madzi akuothera dzuwa pa zipika, popanda munthu woponya mbedza. Kaliyeka, amene anakulira kuvuula matemba mu Diampwe, anamva kuwawa mumtima poona ndiwo zikungosambira choncho, ndipo zimenezi sanazimvetse mpaka ukalamba wake. Kuseri kwa nyanjayo kunali nkhalango ya mitengo italiitali, mmene apusi anawalanda buledi m'manja. Ku mtsinje anapeza chodabwitsa china: njovu, chilombo chimene kwathu chimaphwasula nkhokwe, itagona chammbali m'madzi, kamunthu kowonda kakuitsuka ndi chikhokho cha kokonati.

Koma chimene chinagwira mtima wa Dambuleni chinali kachisi wamkulu wa m'mbali mwa nyanja ija, wa makoma oyera, amene eni ake amamutcha Kachisi wa Dzino. Pa chipata panali bambo wina wogulitsa maluwa a kakombo, dzina lake Apuhami, amene pa unyamata wake anagwira ntchito m'sitima zopita ku Mombasa ndi ku Beira, motero ankatha Chiswahili chothyokathyoka chonga chimene Kaliyeka anatola ku usilikali. Iyeyu ndi amene anawauza kuti avule jombo ndi zipewa asanalowe, nawafotokozera kuti m'katimo mumasungidwa dzino la mphunzitsi wawo wamkulu, Buda, amene anakhalako kalekale, ndipo dzinolo lili m'kabokosi kamene kali m'bokosi lina, lomwenso lili m'lina, moti wamba saliona. Kaliyeka anagwedeza mutu movomera, pakuti nakonso kwathu za m'kachisi sizionedwa ndi aliyense. Ali chiimire, ng'oma za nthawi ya nsembe zinayamba, zoimbidwa mbali zonse ziwiri, ndi kachitoliro kolira mokweza. Dambuleni anaima pakati pa anthu ovala zoyera, zala zake zikutsatira ng'omazo pa lamba, zidendene zikunjanja pa miyala yozizira, mpaka amayi ena anayamba kuseka mobisa kukamwa.

"Atsibweni, anthu awa ndi anzathu ndithu," anatero potuluka. "Mwamva mmene ikuyankhira yaing'ono ija? Nkhondo ikangotha ine ndidzabwera kudzaphunzira."

Sanathe masabata atatu. Malungo aakulu anamugwira, ndipo tsiku lachinayi anamwalira m'manja mwa mtsibweni wake. Anamuika m'manda a asilikali pafupi ndi mtsinje wa Mahaweli, lipenga linalira, anzake anabwerera ku ntchito, koma Kaliyeka anatsala ndi mawu a mlongo wake akumulira m'khutu. Anayamba kufunafuna kachere. Anayenda m'mphepete mwa mtsinje, analowa m'munda waukulu wa mitengo ya mitundumitundu mmene mileme imalendewera masana, koma mitengo yonse inali yachilendo, ndipo analibe woti amufunse dzina la kachere m'chinenero cha kumeneko.

Tsiku lachisanu la kufunafunako anakwera kaphiri kamene kali pamwamba pa manda aja, napeza kachisi wamng'ono, ndipo pabwalo pake panali mtengo waukulu wozunguliridwa ndi kampanda koyera, tinsalu ta mitundumitundu tikulendewera m'nthambi. Anayang'ana khungwa, anayang'ana tizipatso tating'ono timene mbalame zinkalimbirana, anatola tsamba lakugwa kumene naona utomoni woyera ngati mkaka, ndipo anadziwa kuti wapeza mbale wake wa kachere, ngakhale tsamba lake linali lotambalala, la kamchira kosongoka. Mtima wake unakhala pansi. Anaganiza monga Mchewa aliyense akanaganizira, kuti mtengo wa mizimu ndi woyenera kuthandiza wamaliro, ndipo kuti eni ake akaona angakondwere. Anavula jombo monga anaphunzirira, anathira kaufa patsinde, anaomba m'manja katatu mwaulemu wonse, kenaka anasolola mpeni nadula nthambi yonenepa ngati chala chachikulu. Akale anati safunsa anadya phula.

Linali tsiku limene anthu a kumeneko amasonkhana ku akachisi awo mwezi ukakhala wathunthu, ndipo amayi anali pa mzere kuthirira mtengowo ndi timiphika. Mayi woyamba kuona anakuwa ngati waponda njoka, enawo anagwetsa timiphika, ndipo posakhalitsa Kaliyeka anazingidwa ndi amuna okwiya amene mawu awo sankawamva. Iye anaima nthambi ili m'manja, utomoni ukudontha pa chala, osadziwa chimene walakwa. Mwa mwayi, mudzi wa pansi pa kaphiriko unali kwawo kwa Apuhami, ndipo tsiku limenelo ankagulitsa maluwa ake pomwepo. Anadzipanikiza pakati pa anthuwo, ndipo ataona nthambi anagwira kumutu.

"Bwanawe, wachita chiyani?" anatero Apuhami. "Mtengo uwu ngakhale mfumu siiuloza ndi mpeni. Ndi mdzukulu wa mtengo umene mphunzitsi wathu anakhala patsinde pake. Anthu awa akufuna akakupereke kwa akuluakulu ako."

Pamenepo Kaliyeka anachita mantha enieni, osati a chilango cha usilikali, koma oti achoka pa chisumbucho wopanda nthambi. Ndiye panatulukira mkulu wa kachisiyo, nkhalamba yometa mpala, yofunda nsalu yachikasu, ndipo anthu anapatuka. Mkuluyo sanayambe ndi mlendo. Anatapa dothi lonyowa, namata pa bala la mtengo mofatsa monga amachitira mayi pa chilonda cha mwana, ndipo atatha anauza Apuhami kuti afunse chifukwa chimene msilikali wodziwa kuvula nsapato wachitira chinthu chotere. Kaliyeka anagwada nafotokoza zonse: za Mkomaula, za mitsinje, za muphwa wake wogona m'munsimo, ndi za mlongo wake amene ankadikira ku Diampwe. Chiswahili chinamuthera pakati, misozi ndiyo inamaliza.

Mkulu uja anatenga nthambi ija m'manja mwa Kaliyeka naigoneka patsinde, nati yodulidwa ndi mpeni sichoka pamalopo. Ndiye anamukodola kuti amutsate kuseri kwa kachisi, kumene mu mng'alu wa khoma munamera kamtengo ka mtundu womwewo, kotalika ngati chikhatho, kamene kanafesedwa ndi mbalame.

"Aka sikanabzalidwe ndi munthu," anatero mkuluyo kudzera mwa Apuhami. "Kakakula pano kagwetsa khoma, ndipo takhala tikudzifunsa kuti kwawo n'kuti. Katengeni. Koma mpeni usadzakakhudze, ndipo inu musanachoke muthirire mtengo mwaupwetekawu masiku asanu ndi awiri."

Mkuluyo anazula kamtengoko yekha ndi zala zake nakaika m'chigoba cha kokonati. Kaliyeka anatunga madzi ku Mahaweli masiku asanu ndi awiri, kukwera nawo kaphiri kaja wopanda nsapato, ndipo pofika tsiku lomaliza amayi amene anamukuwiza aja ankamusungira nthochi. Tsiku lachisanu ndi chitatu anatsikira ku manda, anakhudzitsa kamtengoko pa mtumbira, naitana Dambuleni katatu. Mumtima munali chikaiko, pakuti mwambo unanena za nthambi ya kachere, ndipo iye ananyamula kamtengo ka mizu ka mtundu umene kwathu kunalibe.

Pasanapite nthawi, bondo la Kaliyeka, limene linavulala kalekale, linatupa, ndipo akuluakulu a usilikali anamubweza kwawo. Mtsinje woyamba kuuza muphwa wake unali Mahaweli. Pa nyanja yamchere anasowa chonena, chifukwa madziwo analibe tsidya looneka, motero m'mawa uliwonse kwa masiku khumi ndi atatu ankaweramira chigoba chija n'kunena kuti, "Dambuleni, akadali madzi omwe aja, usatsike." Madzi akumwa ankagawidwa kapu imodzi, ndipo iye ankamwa theka, theka n'kuthirira. Anzake ankamuseka kuti wakwatira kamtengo. Mphepo yamchere inayoyola masamba onse, moti pofika ku Mombasa m'chigobamo munatsala kandodo chabe.

Pa malole odutsa m'dziko la Tanganyika ankafunsa dzina la mtsinje uliwonse, koma masana ena kutentha kunamugonetsa, ndipo podzidzimuka anamva kuti awoloka mtsinje wa Ruaha iye ali m'tulo. Kaliyeka anatsika pa malo oyamba pamene lole linaima, nabwerera wapansi ndi bondo lake lotupalo ulendo wa tsiku lathunthu, nawoloka mlatho wa mtsinjewo kubwerera, natchula dzina la madziwo, nawolokanso. Malole anamusiya, ndipo anafika kwawo mochedwa ndi mwezi wathunthu, atatchula Songwe, Rukuru, Dwangwa, Bua, Lilongwe, ndi timitsinje tina timene ngakhale eni ake anachita kukumbutsana maina.

Anafika mu Okutobala, dziko lili gwaa. Uthenga wa maliro unali utafika kale, ndipo mbumba inasonkhana kuti ione nthambi. Ataona kandodo kouma m'chigoba chachilendo, akuluakulu anayang'anizana, ena nanena poyera kuti ameneyu si kachere ndipo Kaliyeka wataya mwana wa mlongo wake kutsidya kwa nyanja. Mwatitha sanamupatse moni. Analandira chigobacho ndi manja awiri, nakabzala kandodoko kuseri kwa nyumba yake, nakatchingira ndi minga kuopa mbuzi, ndipo m'mawa ndi madzulo ankakathirira osalankhula ndi munthu. Kaliyeka anakakhala m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi, ndipo njira yodutsa pakhomo pa mlongo wake ankailambalala.

Sabata lachinayi, mvula isanagwe ngakhale dontho, kandodo kaja kanatulutsa timasamba tisanu tofiirira, timene tinasanduka tobiriwira, tili ndi timichira tosongoka. Koma pakamwa pa anthu sipasowa chonena. Anati kuphuka kwaphuka, koma tsamba limeneli si la kachere, ndipo ndani angadziwe ngati wabwerayo ndi Dambuleni kapena mzimu wa eni dziko lija? Nkhaniyo inakhala choncho, osagamulidwa, masiku ena angapo.

Ndiye kunadza tsiku lina lotentha kwambiri, masana dzuwa lili paliwombo, mphepo itaima kotheratu, moti utsi wa m'mudzi unkakwera chilili ndipo akachere onse anali zii ngati ojambula. Mwatitha anapita kuseri kwa nyumba ndi chipanda cha madzi, ndipo anapeza timasamba tisanu tija tikunjenjemera tokha, tikugundana, tikuchita phokoso laling'ono ngati zala pa chikopa cha ng'oma. Anayang'ana mitengo ina, yonse ili duu. Anayang'ananso kamtengoko, kakadali kugwedera. Mayi amene anali asanaseke chichokere mwana wake anakhala pansi naseka mpaka misozi, ndipo oyandikana nawo anathamangira kudzaona.

"Iwe Dambuleni!" anatero Mwatitha. "Ulendo wonsewu sunatope? Tangokhala phee ngakhale kamodzi, mwana iwe!"

Atatero anadzambatuka, nayenda yekha mpaka kumapeto kwa mudzi, naima pa khomo la kanyumba kaja.

"A Mbewe, tiyeni kunyumba mukasambe m'manja," anatero. "Mwabwera naye."

Kaliyeka anakhala zaka zina makumi awiri ndi zitatu, ali nkhoswe ya mbumba yonse, ndipo palibe mlandu wa ukwati kapena wa munda umene unkatha iye asanalankhulepo. Chinthu chimodzi chokha anasintha pa mwambo wa Mkomaula: analamula kuti wopita kukatenga mbale wake ku dziko la eni ayambe wafunsa eni mtengo asanasolole mpeni. Ponena zimenezi ankaseka yekha, n'kuonetsa chala chimene chinadonthedwa utomoni.

Mtengowo ulipo lero kuseri kwa bwinja la Mwatitha, ndipo watalika kuposa akachere onse a m'mudzi. Mpeni kapena nkhwangwa sizinaukhudzepo. Nthambi ikagwa yokha timaisiya patsinde mpaka iwole. Chigoba cha kokonati chija chikusungidwa ndi zidzukulu za a Gelesomu, chitada bii ndi manja a anthu. Zaka zapitazo mwana wina wa mbumba yathu, namwino, anapita ku maphunziro ku chisumbu chija, nakafika ku Kandi. Anaona nyanja ija ndi nsomba zake zosawedzedwa, anavula nsapato pa Kachisi wa Dzino namva ng'oma zake, anapeza mwala wolembedwa dzina la Dambuleni pakati pa maluwa osamalidwa bwino, ndipo pa kaphiri kaja anaona mtengo waukulu uli ndi kachipsera kozungulira pa nthambi ya m'munsi. Mlangizi wina wa za nkhalango anabwerapo kwathu natiuza kuti masamba a mtengo wa mtundu umenewu amagwedera chifukwa cha kutalika kwa timapesi take. Tinamuthokoza, pakuti anaphunzira, koma iye Dambuleni sanamudziwe. Mukadzadutsa kwa Kamtsekwe masana opanda mphepo, mudzaime pansi pa mtengowo n'kutchera khutu. Mitengo yonse idzakhala ili chete, koma mwana wa Mwatitha mudzamupeza akuimbabe ng'oma yake.